Mphaka wokodza pabedi alibe mwano, musamumenye

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule, kudzera m'nyuzipepala yanu, ndi Amalawi anzanga amene tikukhala ndi kugwira ntchito kuno ku Johannesburg, pa nkhani imene ena angaione ngati yaing'ono koma ikudanitsa antchito ndi mabwana awo, ikuthamangitsitsa anthu m'nyumba za lendi ndiponso ikuphetsa ziweto zosalakwa. Nkhaniyi ndi ya mphaka amene wasiya bokosi lake la mchenga lodzithandiziramo n'kuyamba kukodza kapena kuchita chimbudzi pabedi, pakapeti, pasofa kapena kuseri kwa chitseko. Ambiri mwa ife timagwira ntchito za m'nyumba ku Randburg, Sandton, Fourways ndi madera ena kumene mphaka amagona m'nyumba ndipo amawerengedwa ngati wa m'banja. Enanso tikuweta athuathu m'mafulati a ku Yeoville, Berea, Rosettenville ndi Turffontein chifukwa cha makoswe amene achuluka m'nyumba zakale za m'tauni muno. Ineyo ndagwira ntchito ya m'nyumba kwa zaka zambiri m'mabanja oweta amphaka, ndipo zimene ndikulemba pano ndi zimene ndaona ndi maso anga komanso zimene madokotala a ziweto amatifotokozera tikapita kuchipatala ndi amphakawo.

Mfundo yanga ndi yakuti mphaka wotere sachita mwano, sabwezera choipa, ndipo sanatumidwe ndi munthu. Amakhala kuti akumva ululu kapena ali ndi mantha, ndipo kawirikawiri ziwirizi zimayendera limodzi.

Tonse amene tinakulira kumudzi tikudziwa kuti mphaka sachita kuphunzitsidwa kubisa chimbudzi chake. Akadali kamwana amapita yekha pamchenga kuseri kwa nkhokwe kapena paphulusa la kudzala, n'kukumba kadzenje, n'kudzithandiza, kenako n'kukwirira mosamala. Khalidweli analitengera kwa kholo lake, mphaka wa m'tchire wa ku Africa ndi ku Middle East wotchedwa Felis lybica, amene anayamba kuyandikira midzi ya alimi zaka pafupifupi 10,000 zapitazo potsatira mbewa ndi makoswe odya mbewu zosungidwa. Nyama imeneyi imayenda yokha, imasaka tinyama ting'onoting'ono koma nayonso imasakidwa ndi zilombo zazikulu, choncho moyo wake wonse umadalira kudziwa bwino dera lake ndi kukhala tcheru pa chilichonse chimene chasintha. Tsono chiweto chaukhondo chonchi chikasiya mchenga n'kukasankha bulangete la mwini wake, tidziwe kuti chinachake chalakwika m'thupi mwake kapena m'nyumbamo.

Ndikudziwa kuti pakati pathu pali ena amene akapeza mkodzo wa mphaka papilo amayamba kuganizira anthu oipa, makamaka ngati mphakayo ndi wakuda kapena ngati pali kusamvana ndi oyandikana nawo. Sindikufuna kunyoza chikhulupiriro cha munthu aliyense, koma ndikupempha kuti tisanaloze chala mnzathu wa chipinda chinacho, tiyambe tapita ndi mphakayo kwa dokotala wa ziweto. Chimene amasankhira bedi kapena zovala zosachapa n'chodziwika. Pamenepo ndi pofewa, pamamwa madzi mwamsanga, ndi pamalo okwera pamene amatha kuona amene akubwera, ndiponso pamamveka fungo la munthu amene iyeyo amamudalira.

Matenda ndiwo oyamba kuwaganizira. Amphaka amavutika kwambiri ndi chikhodzodzo ndi njira ya mkodzo, ndipo mwa amphaka osakwana zaka 10 amene amapezeka ndi vutoli, oposa theka amakhala ndi kutupa kwa chikhodzodzo kumene madokotala amakutcha feline idiopathic cystitis. Kutupaku sikubwera ndi tizilombo ayi, koma kumayenderana ndi nkhawa, moti mphaka akasokonezeka maganizo m'kati mwa chikhodzodzo mumayamba kupweteka ndipo mkodzo umawotcha potuluka. Iye sazindikira kuti ululuwo ukuchokera m'thupi mwake. Amangoona kuti nthawi iliyonse akalowa m'bokosi muja amamva kuwawa, ndiye amayamba kuliopa n'kumafunafuna malo ena, kawirikawiri ozizira monga m'bafa, m'sinki kapena pamatailosi. Palinso miyala ya m'chikhodzodzo, matenda a impso ndi a shuga amene amachulukitsa mkodzo mwa amphaka achikulire, kudzimbidwa, kutsekula m'mimba chifukwa cha njoka, komanso nyamakazi imene imalepheretsa mphaka wokalamba kukwera m'bokosi la m'mbali zazitali, makamaka mu Juni ndi Julayi pamene kuno kumazizira mpaka kugwa chisanu.

Pali chizindikiro chimodzi chimene ndikufuna wowerenga aliyense achisunge pamtima. Mphaka wamwamuna akamalowa ndi kutuluka m'bokosi kambirimbiri, n'kumanyonyomala nthawi yaitali akutchima ndi kulira, n'kutulutsa timadontho tochepa, mwina tamagazi, kapena osatulutsa kanthu, kenako n'kumadzinyambita kunsi kwa mchira osalekeza, n'kutheka kuti njira yake ya mkodzo yatsekeka. Njira ya wamwamuna ndi yaitali ndiponso yopapatiza kuposa ya wamkazi, choncho imatsekeka mosavuta ndi timiyala ting'onoting'ono ndi zonanda zochokera m'chikhodzodzo. Ikatsekeka chikhodzodzo chimadzaza n'kulimba gwa, impso zimaleka kugwira ntchito, mchere wa potassium umachuluka m'magazi n'kusokoneza kugunda kwa mtima, ndipo m'masiku awiri kapena atatu mphakayo amafa. Ndinaonapo mphaka wa banja lina limene ndinkagwirako ntchito, amene m'mawa ankangooneka ngati wadzimbidwa, koma pofika madzulo anali atabisala kunsi kwa bedi, makutu ali zii, akusanza thovu, ndipo titamugwira pamimba analira mofuula n'kufuna kutiluma ngakhale anali wofatsa masiku onse. Anapulumuka chifukwa adona ananyamuka naye usiku womwewo ndipo dokotala anamugoneka n'kumulowetsa kapaipi kotulutsira mkodzo. Vuto limeneli si loti n'kudikira kuti kuche kapena kuti abwana abwere kuchokera kuulendo.

Ndipo chonde, musamupatse Panado kapena mankhwala ena alionse okhala ndi paracetamol pofuna kumuchepetsera ululu. Ife tinazolowera kuti piritsi limeneli ndi la m'nyumba iliyonse, koma chiwindi cha mphaka sichitha kuliphwanya, ndipo piritsi limodzi la 500mg ndi lokwanira kumupha. Nkhama zake zimada, nkhope ndi mapazi zimatupa, ndipo amabanika. Brufen nayenso ndi woopsa kwa amphaka.

Dokotala akayeza mkodzo n'kupeza kuti palibe matenda ena, chotsala ndi kufufuza chimene chikumuopseza, ndipo kunena zoona mzinda uno uli nazo zambiri zoopseza mphaka. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi mvula ya kuno imakonda kubwera nthawi ya madzulo ndi mabingu ndi ziphaliwali zoopsa, nthawi zina ndi matalala ogunda padenga. Pa 5 Novembala, tsiku la Guy Fawkes, pa chikondwerero cha Ahindu cha Diwali ndi usiku wolowa chaka chatsopano anthu amaphulitsa makombola mpaka pakati pa usiku. Magetsi akathima majenereta amalira mbali zonse. Makutu a mphaka amamva kuposa athu kutalitali, pakuti amamva mawu okwera kufika pa 64,000 hertz (muyeso wa kukwera kwa mawu) pamene munthu amalekezera pa 20,000, choncho phokoso limene ife tinalizolowera iye limamuzunza. Onjezerani moyo wathu wosamukasamuka pakutha pa mwezi, zipinda zogawa ndi makatani m'mene anthu amalowa ndi kutuluka usana ndi usiku, alendo ochokera kumudzi odzafuna ntchito, khanda lobadwa kumene, galu watsopano, ngakhalenso mphaka woyendayenda amene amakhala pampanda n'kumasuzumira pawindo. Chilichonse mwa zimenezi chingachititse kuti mphaka aziopa kudutsa pakhonde kupita kumene kuli bokosi lake.

Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti ngakhale kusintha kwa nthawi kokha kumamusokoneza. Mu 2011 akatswiri a ku Ohio State University ku America, amene ankagwira ntchito ndi Dokotala Tony Buffington, anasindikiza zotsatira za kafukufuku wosonyeza kuti amphaka athanzi nawonso amayamba kusanza, kukana chakudya ndi kudzithandiza kunja kwa bokosi pamene nthawi yawo yodyera yasinthidwa kapena wowasamalira wasintha. Zimenezi zikutikhudza ife mwachindunji. Mwezi wa Disembala abwana amapita kukapuma ku Durban kapena ku Cape Town, wantchito amakwera basi yopita kwathu kudzera ku Beitbridge ndi Nyamapanda, ndipo mphaka amasiyidwa m'manja mwa munthu wachilendo amene amabwera kudzathira chakudya nthawi imene wapeza mpata. Onse pobwerera mu Januwale amapeza matiresi akununkha, ndipo mlandu umagwera wantchito kuti anasiya chitseko chotsekula kapena sanasiye malangizo. Ndikanakonda mabanja akanamakonzeratu zimenezi, kuti wodzasamalirayo ayambe kubwera eni ake asanachoke, adziwane ndi mphakayo, ndiponso azisunga maola amene anazolowera kudya.

Ndi bwino kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Mphaka wokodza amanyonyomala pamalo athyathyathya, amatulutsa mkodzo wambiri ndipo amayesa kukwirira ngakhale pali pakapeti. Mphaka woika chizindikiro cha dera lake amaimirira, amatembenukira khoma, katani kapena chitseko ndi kumbuyo, amaimika mchira uku ukunjenjemera, n'kuwaza mkodzo wochepa koma wa fungo lamphamvu. Wachiwiriyu amagwiritsabe ntchito bokosi lake bwinobwino, ndipo amakonda kuwaza pafupi ndi mawindo ndi zitseko kumene amamva fungo la amphaka ena, kapena pa katundu wachilendo monga chikwama cha mlendo. Kuthena wamwamuna ndi kutseka wamkazi kuti asaberekenso kumathetsa khalidweli mwa amphaka ambiri, ngakhale kuti pafupifupi wamwamuna mmodzi mwa 10 alionse amapitirizabe. Wopitirizayo amakhala akunena kuti m'nyumbamo samvamo chitetezo, ndipo nthawi zina kungotseka katani la windo limene amaonerapo mnzake wa panja uja kumathandiza.

Tsopano za bokosi lenilenilo, pakuti apa ndi pamene ife anthu timalakwitsa kwambiri. Aliyense amene anakhalapo m'fulati mmene mabanja asanu amagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi, madzi atasiya kutuluka, akudziwa mmene munthu amazengerezera kulowamo, ndipo mphaka amamva fungo kuposa ifeyo. Zoipa za m'bokosi ziyenera kuchotsedwa tsiku lililonse, ngati n'kotheka m'mawa ndi madzulo, ndipo bokosilo lizitsukidwa ndi madzi otentha ndi sopo wosanunkhira kwambiri pamene mukusintha mchenga wonse. Madokotala amalangiza kuti mabokosi akhale ochuluka ngati amphaka amene alipo n'kuwonjezerapo limodzi, kutanthauza kuti amphaka awiri amafuna mabokosi atatu, ndipo asaikidwe pamzere m'chipinda chimodzi chifukwa mphaka wankhanza amatha kukhala pakhomo n'kumatchingira mnzake. M'litali mwake bokosi likhale lofanana ndi thupi la mphakayo n'kuwonjezerapo theka, kuti azitha kutembenuka ndi kukumba momasuka. Ambiri mwa mabokosi ogulitsidwa m'masitolo ndi aang'ono, ndipo beseni lalikulu la pulasitiki kapena chosungiramo zovala chimene mwachidula mbali imodzi kuti pakhale polowera chimagwira ntchito bwino. Mchenga ukhale wosalala, wosathira zonunkhiritsa, wozama masentimita 3 kufikira 5. Mukafuna kusintha mtundu wa mchenga, sakanizani watsopano ndi wakale pang'onopang'ono.

Malo oika bokosi nawonso ndi ofunika. M'nyumba zambiri za mabwana ndapeza bokosi lili m'chipinda chochapira, pambali penipeni pa makina ochapira zovala, chifukwa anthu safuna kuliona. Tsiku limene makinawo ayamba kuzungulira mwamphamvu mphaka ali m'kati modzithandiza, amalumpha n'kuthawa, ndipo ena sabwereranso. Bokosi likhale pamalo abata, patali ndi mbale ya chakudya ndi ya madzi, pamene galu kapena mwana wokwawa sangamudzidzimutse ndiponso pamene chitseko sichingatsekeke ndi mphepo. Ngati pali malo amene mphaka wawasankha yekha, ikani kaye bokosi pomwepo, ndipo akazolowera muzilisuntha pang'ono tsiku ndi tsiku mpaka lifike pamene mukufuna.

Potsuka pamene wakodza, ambiri timathamangira mankhwala amphamvu otsukira m'nyumba, koma ena mwa iwo amawonjezera vuto. Mankhwala okhala ndi ammonia amasiya fungo lofanana ndi la mkodzo, ndipo mphaka amabwereranso pomwepo. Jiki akakumana ndi ammonia amatulutsa mpweya woipa umene umapweteka maso ndi mapapo a wotsukayo. Mankhwala ophera tizilombo amene amayera mbee mukawathira m'madzi, monga Jeyes Fluid ndi Dettol, ndi poizoni kwa mphaka, chifukwa amaponda pamalo onyowawo kenako n'kunyambita mapazi. Njira yabwino ndi kumwetsa kaye mkodzowo ndi nsanza kapena mapepala mosakhula, kutsuka ndi madzi ofunda osakaniza ndi sopo waufa wochapira zovala wokhala ndi enzyme (chosungunula zoipa ndi fungo lake) kapena mankhwala a enzyme ogulitsidwa m'masitolo a ziweto, kutsukuluza ndi madzi oyera, ndi kuumitsa bwino mphaka asanaloledwe kulowamonso. Amayi oyembekezera asamagwire ntchito yochotsa chimbudzi cha mphaka chifukwa cha kachilombo ka toxoplasma kamene kangavulaze mwana m'mimba, ndipo ngati palibe wina woti awathandize avale magolovesi n'kusamba m'manja ndi sopo. Kachilomboka kamatenga tsiku limodzi mpaka masiku asanu kali m'chimbudzimo kasanayambe kupatsirana, chimene chili chifukwa china chochotsera tsiku lililonse.

Zimandipweteka mtima kwambiri ndikaona munthu akugwira mphaka pakhosi n'kumukhuza mphuno pamkodzo wake, kumukwapula ndi tsache kapena kumuthira madzi ozizira. Mphaka satha kulumikiza chilango ndi chimene anachita ola lapitalo. Chimene amaphunzira n'chakuti munthuyu ndi woopsa, ndipo popeza mantha ndiwo anayambitsa vutolo, chilango chimangolikulitsa, moti amayamba kukodza mobisala kuseri kwa furiji kapena m'kabati mmene simungafike msanga. Tidziwenso kuti m'dziko muno lamulo loteteza nyama la Animals Protection Act, nambala 71 la 1962, limaletsa kumenya, kuzunza ndi kutaya chiweto, ndipo wopezeka wolakwa angathe kulipira chindapusa kapena kukakhala kundende mpaka miyezi 12. Kuika mphaka m'thumba n'kukamutaya kudambo kapena kumulu wa dothi la migodi, monga ena amachitira akatopa naye, ndi mlandu, ndipo kwa ife alendo mlandu uliwonse umabwera ndi mavuto ena pamwamba.

Chimene chimachiza mphaka wamantha ndi kumupatsa malo amene angathawireko popanda womutsatira. Katoni yogonekedwa cham'mbali yokhala ndi juzi yakale ya mwini wake, kapena pamwamba pa kabati pamene angakwere n'kumaona zonse ali patali, zimamukhazika mtima pansi kuposa kumunyamula ndi kumusisita iye asakufuna. Akabisala musamukoke, adzatuluka yekha. Mitambo ikayamba kuda kapena likafika tsiku la makombola, mulowetseni m'chipinda chimodzi mudakali masana, mmene muli bokosi, madzi ndi pobisala, mutseke mawindo ndi makatani n'kutsegula wailesi motsitsa. Muzimupatsa chakudya pa maola amodzimodzi, ndipo muziseweranso naye kwa mphindi zingapo tsiku lililonse ndi kachingwe komangirira nthenga kuti achite ngati akusaka. Kwa amene ali ndi vuto la chikhodzodzo madzi ndi ofunika kwambiri. Chakudya chouma cha m'matumba chimakhala ndi madzi pafupifupi 10 peresenti yokha pamene cha m'zitini chimakhala ndi oposa 70 peresenti, choncho kumupatsako chonyowa ndi kuika mbale za madzi m'malo angapo kumasungunula mkodzo kuti usamawotche. Palinso mankhwala otchedwa Feliway olumikiza kumagetsi, amene amatulutsa fungo lofanana ndi limene mphaka amasiya akamakhuza tsaya lake pamipando. Amphaka ena amawathandiza ndithu, koma sangalowe m'malo mwa bokosi loyera. Zonsezi zikalephera dokotala angathe kulemba mankhwala ochepetsa nkhawa monga fluoxetine kapena clomipramine, amene amatenga milungu ingapo asanayambe kuonetsa mphamvu ndipo sayenera kuperekedwa popanda dokotalayo.

Kwa anzanga ogwira ntchito m'nyumba za anthu ndikuti, ife ndi amene timayamba kuona zizindikiro chifukwa ndife timayala mabedi ndi kuchotsa mchenga, pamene eni ake amachoka m'mamawa n'kubwera kutada. Musabise poopa kuti akunenani, ndipo musangotsuka mwakachetechete. Jambulani ndi foni pamene pakodzedwapo, onani ngati pali magazi, ngati ndi pakhoma kapena pansi, ngati timibulu ta mkodzo m'bokosi tachepa kapena takula, ndipo auzeni abwana kapena adona tsiku lomwelo. Dokotala adzafunsa zimenezi, ndipo amene angayankhe bwino ndi inuyo.

Kwa amene mphaka ndi wathuwathu ndipo ndalama za chipatala cha ziweto cholipira zatikulira, kuli mabungwe othandiza nyama amene amaona ziweto za anthu opeza zochepa pamtengo wotsika. Kuli Johannesburg SPCA chaku Booysens, Animal Anti-Cruelty League ku Regents Park, komanso nthambi za SPCA ku Sandton ndi ku Randburg. Imbani kaye foni kuti mudziwe zimene muyenera kutenga, ndipo ponyamula mphaka muikeni m'dengu lotseka kapena m'katoni yolimba yoboola mbali zonse, chifukwa m'takisi amatha kupulumuka m'manja n'kusowa. Mukafika kumeneko pemphaninso katemera wa chiwewe, amene lamulo la dziko lino limafuna kuti galu ndi mphaka aliyense abayidwe. Ndipo ngati mwayesa zonse koma mmene mukukhalira simungathenso kumusunga, kamuperekeni nokha m'manja mwa mabungwe amenewa n'kuwafotokozera vuto lake mosabisa, kuti amene adzamutenge adziwe poyambira.

Ndine wowerenga wanu,
Mayi wogwira ntchito ya m'nyumba,
Turffontein, Johannesburg.